Medea wanga akungokuwa, mawu amuthera sewero lisanafike pakati

Patironi_wa_Drama: Anzanga ndithandizeni, mutu waima. Kwatsala masabata atatu tipite ku mpikisano ndi Medea, sewero lachigiriki la Euripides, talidula kale kuti likwane nthawi. Mtsikana ndamupatsa Medea ndi katswiri, koma akangoponda siteji ndi kukuwa basi. Kwa Creon, mfumu ya ku Corinth, kukuwa, kwa Jason, mwamuna wake amene wamusiya n'kukakwatira mwana wa Creon, kukuwa, pofika pamene amapha ana ake mawu asasa ngati wachezera pamaliro. Ndikati tsitsa, akuti "Aphunzitsi, si munati ndi sewero la mkwiyo?" A kolasi, gulu loimira amayi a ku Corinth, nawo atengera, onse akungolalata. Nditani osamugwetsa ulesi?

Mayi_Zisudzo: Bwererani ku sikiripiti achimwene. Koyambirira Medea timangomumva akubuula m'nyumba, panja pali mlezi wa m'nyumba mwake. Akatuluka amalankhula ndi amayi a ku Corinth modekha, ngati wodandaula pabwalo la mfumu. Kukuwako kuthere kuseri. Kwa Creon agwade, akupempha tsiku limodzi lokha. Mfumu iti ingapatse tsiku munthu woikalipira?

Mkhalakale: Mwanayo alibe mlandu, mwalakwitsa ndi kusankha sewero. Medea sanatsekedwe m'maso ndi mkwiyo. Mayi uja amawerengera zonse: ayambe wapeza kothawira kwa Aegeus, mfumu ya ku Athens, kenako n'kutuma ana ake ndi chovala komanso chisoti zapoizoni kwa mwana wa Creon. Chimenecho ndi chakukhosi, si phuma. Mukafuna wosaona ndi ukali tengani Ajax wa Sophocles. Zida za Achilles, ngwazi yomwe yafa, zapatsidwa kwa Odysseus m'malo mwa Ajax, Ajaxyo n'kudzuka usiku kupha ng'ombe ndi nkhosa akuyesa ndi akuluakulu a nkhondo.

Patironi_wa_Drama: Bambo, masabata atatu! Ndisinthe sewero? Komanso Ajax anamusokoneza mutu ndi mulungu wamkazi Athena, si mkwiyo wokha.

Wakuseri: Chonde musaonetse kupha anako pa siteji. Ife tinayesa ndi zidole za nsanza chaka china, mutu wa chimodzi n'kuthothoka, gubudugubudu mpaka pamapazi pa majaji. Holo yonse chikhakhali, Medea wathu nayenso n'kuphulika kuseka. Agiriki sanali opusa: ana amangomveka akukuwa m'nyumba, ndipo imfa ya mwana wa mfumu amabwera kudzafotokoza ndi wamthenga. Mpeni weniweni ayi, ngakhale wobuntha. Mnyamata wanga wina ali ndi chipsera pachigongono chifukwa cha ndewu ya Romeo ndi Tybalt, ndipo tinkagwiritsa ntchito timitengo chabe. Makolo ake anafika mpaka kuofesi.

Mayi_Zisudzo: Chenjeraninso ndi owonerera. Kwathu kuno akangomva zoti mwamuna wasiya mkazi n'kukakwatira mwana wa mfumu, amayi amayamba nthungululu Medea akamunyoza Jason. Amaitenga ngati nkhani ya nsanje ya pamitala. Mtsikanayo akamva nthungululuzo adzakweza mawu kawiri, zonse munayeserera n'kupita pamadzi. Muitane a Fomu 1 adzasokose dala pa pulakatisi, azolowere.

Mkhalakale: N'zimene ndikunenazo. Mukuphunzitsa mwana mkwiyo umene mulibe m'sewero. Ajax.

Mphunzitsi_wa_Lit: Ulimo akulu. Asanaphe ana, Medea amasinthasintha maganizo, amawapsompsona, n'kuvomera yekha kuti akudziwa kuipa kwa zimene akufuna kuchita koma mtima wake wamuposa mphamvu. Choopsa n'chimenecho, akuona bwinobwino koma akupitabe. Pamenepo ndiye mtsikanayo afunika akhale ndi mawu otsala. A Patironi, mukhazikeni pampando, manja awakhalire, anene gawo lonselo ngati akuuza munthu mmodzi ali pafupi. Koma asanong'one, kunong'ona kumatopetsanso kholingo. Ngati mawu asasa kale mupumitseni masiku awiri, madzi ambiri, fupa lokakamiza limaswa mphika.

Mkhalakale: Wakuona bwinobwino ndiye sanatsekedwe m'maso. Mwandivomereza nokha.

Wakuseri: Hahaha a Mkhalakale sagonja. Koma a Patironi musade nkhawa kwambiri ndi majaji. Mu 431 BC Euripides mwiniwakeyo anakhala wachitatu mwa atatu ku Athens ndi Medea yemweyu. Zokondera sizinayambe lero. Ife ulendo wina anatichotsera malikisi ati kolasi inafulatira owonerera, chonsecho jaji wina anagona sewero lonse.

Patironi_wa_Drama: Zampandozo ndiyesa mawa. Funso lina msanga: galeta la Helios, mulungu wa dzuwa, lomwe Medea amathawirapo kumapeto mumapanga bwanji? Ana akuti tibwereke wilibala.

Mayi_Zisudzo: Wilibala ayi, mudzasekedwa kuposa a zidole aja. Aime pa tebulo kumbuyo, nsalu yofiira, Jason pansi asamufikire. Koma tebulo lake muliyese kaye, a m'kalasi ambiri miyendo ndi yogwedera.

Wakuseri: Alipo akudziwa ngati chaka chino akulola kubwera ndi magetsi athuathu? Holo ya chaka chatha inali ndi babu limodzi.