Thumba la pamimba likungotayikira, khungu lasupuka, amene munadutsamo ndithandizeni

Kabaza34

Abale moni nonse. Ndalowa ndi dzina lobisa chifukwa nkhaniyi ngakhale anzanga apasiteji sakuidziwa, amangodziwa kuti ndinapangidwa opaleshoni basi. Mwezi watha ndinadwala taifodi, ine ndimaona ngati malungo ndiye ndimangomwa panado nkumapita kuntchito, mpaka tsiku lina mimba inauma gwa ngati thabwa, kufika kuchipatala akuti matumbo abooka. Ndinadzuka ndili ndi kanyama kofiira pamimba mbali yakumanja ndi thumba lomata pamenepo. Adokotala anati imeneyi ndi ileostomy, chimbudzi chizitulukira pamenepo kaye kuti mkatimu mupole, adzabwezeretsa pakapita miyezi ingapo ndikapeza mphamvu.

Pano ndatha masabata atatu ndili pakhomo koma zinthu sizili bwino ayi. Thumba silikukhalitsa, ndikamata m'mawa pofika usiku layamba kale kutayikira m'mbali, dzulo ndadzuka 2 koloko usiku zofunda zonse zaipa, mayi akunyumba kuchapa mdima uli bii kuopa aneba. Khungu lozungulira kanyamako lafiira lasupuka, likuwotcha ngati mwathirapo tsabola. Madam akumandipakapo Vaseline koma sizikusintha. Matumba anandipatsa 10 atsala atatu. Komanso ndikuonda, ndikaimirira chizungulire, ludzu losatha. China chomwe chandiopsa, dzana kunatuluka zinthu ngati mamina kunjira yakale ija, kodi si kuti mkatimu mwaphulikanso? Ndidye chani, ndisiye chani? Nanga njinga ndingayambe liti, poti pakhomo pano ndalama imachokera pa pedulo.

Agogo_a_Tadala

Mphwanga pepa, koma usataye mtima. Ine ndinakhala ndi thumba miyezi 7, langa linali colostomy, yomwe amatulutsa thumbo lalikulu, mbali yakumanzere, matumbo anachita kupotokola usiku umodzi mimba nkufufuma ngati ng'oma, madokotala amati limeneli ndi vuto lofala kwa ife azibambo kuno. Anadzabwezeretsa, pano ndikulima bwinobwino, chatsala ndi zipsera.

Choyamba Vaseline uja muleke lero lomwe. Mayiwo akuchita mwachikondi koma mafuta ndi guluu sizigwirizana, ndi chifukwa chake thumba likumatuka. Sopo wonunkhira wamafuta uja chimodzimodzi. Madzi ofunda ndi kansalu kofewa basi, kenako uumitse, ndikati uumitse ndikutanthauza gwaa, ine ndimachita kukupiza ndi katoni mpaka mphindi zingapo.

Chachiwiri ndikukayikira bowo lomwe ukudulalo. Kanyamako amakatcha sitoma, kamakhala kotupa ukangochoka ku opaleshoni ndiye kamaphwa pang'onopang'ono mpaka masabata 6 kapena 8. Ine ndinalakwitsa pomwepo, ndimangodula saizi yomwe anandionetsa tsiku loyamba muwodi, osadziwa kuti kachepa, ndiye pakati pa sitoma ndi thumba pamatsala khungu lapamtunda, chimbudzi nkumakhala pamenepo tsiku lonse. Tenga kapepala kolimba, ka paketi ya tiyi kaya ka sopo, udule bowo, uyese pagalasi mpaka likwane bwino, mpata wotsala ukhale wochepa ngati mamilimita awiri, osafinya kanyamako koma osasiyanso bwalo. Kenako uzijambulira pa thumba ndi bolopeni usanadule. Sabata iliyonse yesanso. Usanamate, gwira mbali yaguluuyo m'manja kapena uike kukhwapa itenthe pang'ono, ukamata ukanikize ndi chikhatho kwa mphindi ziwiri zitatu uli chigonere kapena utaimirira mowongoka kuti khungu lisakhale ndi makwinya. Ngati pali ubweya umete mosamala.

Nthawi yabwino yosintha ndi m'mamawa usanadye kanthu, apo ayi uzingopukuta iko kakutulutsa. Ndipo osadikira lidzadze, likafika pang'ono kuchepera theka khuthula, kulemera kuja ndi komwe kumakoka guluu. Usanagone khuthula, pakati pausiku tchera alamu pafoni ukhuthulenso. Ukamapukuta nkuona timagazi pang'ono pakansalu usadabwe, kanyamako kali ngati nkhama za m'kamwa, ndipo sikamva kuwawa.

Jah_Bless_Ndirande

Mani pepani kwambiri. Ine sindinadwalepo zimenezi koma nzeru yanga ndi yoti muchepetse kumwa madzi ndi kudya, thumbalo lizichedwa kudzadza, matumba atatuwo akufikitseni patali.

NesiWaUsiku

A Jah_Bless mwanena ndi mtima wabwino koma chonde ayi, imeneyo ndi njira yachidule yobwerera kuwodi. Bambo Kabaza, zomwe anena agogo pa nkhani ya bowo ndi Vaseline ndi zoona zonse, tsatirani. Koma chomwe chandidetsa nkhawa ine mu uthenga wanu si khungu, ndi chizungulire ndi ludzulo.

Yanuyo ndi yosiyana ndi ya agogo. Iwo anatulutsa thumbo lalikulu, chimbudzi chimafika pathumba chitauma kale ndithu. Inu anatulutsa thumbo laling'ono, ndiye chakudya sichikudutsanso mu thumbo lalikulu lomwe ntchito yake ndi kuyamwa madzi ndi mchere. Ndi chifukwa chake zanu zimatuluka zamadzimadzi ngati phala, ndipo muli timadzi togaya chakudya tomwe tikakhala pakhungu timaligaya ngati nyama, kuwotcha mukumvako ndi kumeneko. Mukutaya madzi ndi mchere tsiku lililonse, impso zimavutika msanga zikatero.

Chitani izi. Pezani botolo lakale lomwe mukudziwa kukula kwake muziyezera zomwe mukukhuthula kwa tsiku lathunthu, usana ndi usiku. Zikamapitirira lita imodzi ndi theka, kapena mkodzo ukuchepa ndipo ndi wachikasu kwambiri, kapena miyendo ikukokana, musadikire tsiku la cheki apu, pitani. Kunena zoona ndi chizungulire mwanenacho ine ndikanakonda mupite mawa lomwe akakuoneni, akayeze magazi. Mukakafunsenso za loperamide, amathandiza kuti matumbo asamathamange, koma mlingo wake akuuzeni adokotala amene akudziwa opaleshoni yanu, osangogula nokha.

Pakumwa, Thanzi ORS ndiye mnzanu, muzimwa pang'onopang'ono tsiku lonse. Ikasowa, lita imodzi ya madzi owiritsa, masipuni a tiyi 6 a shuga osasefukira, ndi theka la sipuni ya tiyi ya mchere. Kugubuduza madzi wamba ambirimbiri kapena Sobo ndi Fanta kumangowonjezera kutsegula. Ndiwo muzithira mchere wokwanira, uwu si mwezi woopa mchere.

Zakudya zomwe zimalimbitsako ndi nsima ya ufa woyera, mpunga, nthochi zakupsa, mbatata ndi mbatatesi zosenda, buledi woyera, chiponde chosalala. Mazira, nkhuku, nsomba idyani kuti thupi libwerere chifukwa sangabwezeretse muli ofooka chonchi. Idyani pang'ono koma kambirimbiri, ndipo tafunani mpaka mutope. Zoti muyambe mwapewa ndi chimanga chowotcha kapena chokazinga, mbuliwuli, mtedza wosasinja, bowa, nanazi, kabichi wosaphika, mapesi a nkhwani ndi mango a ulusi aja, nyengo yake ikubwerayi samalani. Zimenezi zimatha kutseka pa sitoma. Mukaona mimba ikupota, yatupa, mukusanza, thumba lili phee kwa maola angapo pomwe si khalidwe lake, thamangani kuchipatala. Chimodzimodzi kanyamako kakasintha mtundu kukhala kofiirira moderako kapena kakuda, kapena magazi akutuluka osasiya, kapena katuluka kutalika kwambiri. Ngati pali mankhwala ena omwe mumamwa tsiku ndi tsiku nkuona piritsi lathunthu muthumba, kanenereni, ndiye kuti silikugwira ntchito.

Zamamina zija musaope. Thumbo lakumunsilo likadali lamoyo, limapangabe chinyezi chake ngakhale simukudutsa kanthu, ndiye nthawi zina mumamva ngati mukufuna kuchimbudzi, kakhaleni pachimbudzi zituluke basi. Zikakhala mafinya onunkha, magazi ambiri, kapena thupi latentha, imeneyo ndi nkhani ina.

Pakhungu losupukalo pali paudala wake wa sitoma, mumawaza pamene pakunyowa pokha nkupukusa wotsalayo musanamate. Osati paudala wa ana. Akasowa ena amapaka calamine pang'ono kwambiri nkudikira aume. Koma kalionetseni, chifukwa likakhala ndi timadontho tofiira toyabwa imakhala fangasi, mankhwala ake ndi ena.

Njinga iwalani kaye bambo. Minofu yapamimba anaiboola, mukayamba kukoka munthu pa keriya kapena matumba a makala, matumbo amakankha pambali pa sitoma nkutupa chotupa chomwe timati hernia, kenako thumba silimamatanso bwino. Masabata 6 mpaka 8 oyamba ngakhale ndowa yamadzi osanyamula, ndipo ntchito yolemera ngati yanuyo akuloleni ndi adokotala. Kuyenda wapansi ndiye yendani tsiku lililonse.

Nambewe_waku_Leeds

Achimwene ndawerenga mpaka misozi, mwandikumbutsa chaka changa choyamba. Ine yanga ndi yamuyaya, inali khansa ya kumunsi kwa thumbo ndiye anachotsa zonse nkutseka njira yakale, chaka chino ndi chachisanu. Kuno ku England zinthu ndi zofewerako, pali manesi a sitoma okhaokha ndipo ife a thumba losachoka NHS, nthambi ya boma ya zaumoyo, imatipatsa matumba ulere, ndiye ndikamva munthu akuti atsala atatu mtima umandipweteka.

Pa matumba, funsani mtundu wotsegula kumunsi uja, mumangokhuthula nkupukuta kukamwa kwake nkutsekanso, limodzi limatha masiku atatu ngakhale anayi khungu likakhala bwino. Otseka aja ndi a anthu a colostomy ngati ine, kwa inu angakutheretseni ndalama. Pitani kuwodi komwe munagona mukafunse musanatsale ndi limodzi, funsaninso m'mafamase akuluakulu mtauni, ndipo ngati muli ndi m'bale ku Joni muuzeni, makampani opanga matumbawa ndi monga Coloplast, Hollister, ConvaTec, mumujambulire bokosi lanu kapena thumba lenilenilo kuti asagule zolakwika. Musamawasunge padzuwa kapena pafupi ndi mbaula, guluu amafooka, ndipo kutentha kwa Okutobala thukuta limamatula msanga ndiye muziyang'ana m'mbali pafupipafupi. Ndikudziwa kumudzi ena zikavuta amamangirira jumbo ndi kansalu, sindingawaweruze, koma ndi ileostomy khungu limatha masiku ochepa, chonde ikhale njira ya usiku umodzi pothawira kuchipatala.

Koma ine ndimafuna ndinene za manyazi, poti ndaona mwati aneba, mwati anzanu apasiteji. Ine ndinakhala miyezi inayi osapita kutchalitchi, ndimaona ngati aliyense akumva fungo, chonsecho thumba likamata bwino silinunkha, fungo limamveka pokhuthula pokha ngati mmene chimbudzi cha aliyense chimanunkhira. Mukamva fungo muli chikhalire dziwani kuti pena patseguka, kasintheni. Chimene chimandichititsa manyazi mpaka lero ndi phokoso, kanyamaka kalibe ulemu, kamalira nthawi ya pemphero anthu ali chete, ine ndimangoika dzanja pamenepo nkuyang'ana kutsogolo ngati si ine kkkk. Nyemba, kabichi, anyezi, zakumwa za gasi ndi mowa ndi zomwe zimachulukitsa mpweya, ndiye ngati mawa kuli ulendo wa minibasi dzulo lake nyemba ayi. Ndikamabwera kumudzi ndimayenda ndi kachikwama, muli thumba lodula kale, kansalu, botolo lamadzi, majumbo awiri akuda ndi malaya osinthira, ndipo ndimakhala mbali yoti wokwera mnzanga asandikanikize ndi katundu wake.

Kusamba sambani bwinobwino, ndi thumba kapena popanda, madzi salowa mkati. Lamba wa thalauza asadutse pakanyamapo. Za kuchipinda nazonso zimatheka mukapola, khuthulani kaye, ena amavala vesiti kapena kumanga kansalu. Ndipo mayiwo athokozeni, munthu wochapa zofunda 2 koloko usiku osadandaula si wopezekapezeka, komanso phunzirani kusintha nokha kuti iwo akapita kumaliro masiku awiri musasowe mtengo wogwira.

Jah_Bless_Ndirande

Aaa ndaphunzira nawo, pepani adona anesi ndinalankhula mosadziwa. Mani imwani Thanzi yo.

Kabaza34

Ndabweranso abale, papita masiku 6. Ndinapita kuchipatala mawa lake monga munanenera anesi, anati madzi anachepadi mthupi, anandiika madiripi awiri ndinagonako usiku umodzi, andipatsa loperamide ndi matumba ena 8 otsegula kumunsi. Agogo munalasa, titayesa ndi katoni ya tiyi tinapeza kuti bowo lomwe timadula linali lalikulu moti chala chimakwana m'mbali, madam anangogwira pakamwa. Vaseline tamusiya. Thumba lomwe ndinamata Lachiwiri lafika Lachisanu osatayikira, koyamba chichokereni kuchipatala, ndipo khungu layamba kuuma ngakhale mbali yakumunsi kukadali kofiira. Ndikuyeza ndi botolo, dzulo zinakwana pafupifupi lita imodzi.

Njinga ndabwereketsa mphwanga, tizigawana zomwe wapeza. Mnzanga mmodzi wapasiteji ndamuuza, anangoti ndiye ukamakwera minibasi sumavutika kupempha dalaivala aime, tinaseka mpaka bala kuwawa. A Nambewe, msuweni wanga ali ku Durban ndamutumizira chithunzi cha bokosi. Funso lina, mbali yakumunsiyo pali kakhwinya pomwe ndimapindika ndikakhala pansi, ndi pomwe zimayambira kulowa, pamenepo mumatani?

Nambewe_waku_Leeds

Pali phala lake lokhala ngati mankhwala otsukira mano, amati stoma paste, komanso timaringi tofewa tomwe mumaumba ndi zala nkuzunguliza kanyamako musanamate, zimadzaza kakhwinyako kuti pakhale pofanana. Muuzeni msuweniyo awonjezere chimodzi mwa zimenezi. Podikira, pomata muzikoka khungu pang'ono chokweza ndi dzanja linali kuti liwongoke, ndipo muyambire kumata kumunsiko kenako muzikwera.