Major awiri kapena semesita imodzi kunja ndisanalowe sukulu ya vetenale?

kambuzi22

Moni nonse. Ndili chaka chachiwiri pa yunivesite ina kuno ku America, ndikupanga biology ndipo mtima wanga wonse uli pa udokotala wa ziweto, DVM ija ya zaka 4. Nkhani ndi iyi, advisor wanga akuti nditha kuonjezera major (phunziro lalikulu la digiri) wachiwiri wa chemistry poti makosi ambiri ndinawapanga kale, koma ndikatero basi masemesita onse adzadza mpaka kumaliza, ndiye ulendo wa semesita imodzi ku Scotland umene ndakhala ndikuulota ufera m'mazira. Zonse ziwiri sizitheka pokhapokha nditaonjezera chaka china ndipo ndalama zake ndilibe. Inu amene munadutsamo, posankha anthu amayang'ana chani kwenikweni? Mutu waima ine.

mphakawakuda

Achemwali pitani ku Scotland basi kkkk. Ine ndili chaka chachitatu cha DVM ndipo pa intavyu palibe olo mmodzi anandifunsa kuti ndili ndi major angati. Chimene amafuna ndi makosi awo aja, organic chemistry ndi ma lab ake, biochemistry, physics, genetics, statistics, masukulu ena amafunanso microbiology, ndiye mukhoze bwino chifukwa GPA (avereji ya magiredi) ya makosi a sayansi amaiona payokha. Kenako maola amene mwagwira ntchito pansi pa dokotala wa ziweto, ndi kalata yokuchitirani umboni yochokera kwa dokotalayo. M'kalasi mwathu muli munthu anapanga mbiri yakale, akukhoza kuposa ife tonse.

Komanso major wa chemistry si masewera, mukakumana ndi physical chemistry yodzadza ndi calculus, mukangoterereka pamenepo GPA yagwa chifukwa cha kosi imene sukulu ya vetenale sinakupempheni nkomwe. Nthawi imeneyo bola kukakhala ku kliniki kumagwira agalu akamabaidwa jekeseni.

gologolo_88

Zoona koma musangonyamuka musanawerenge kalendala. Fomu ya VMCAS, yofunsira malo ku masukulu a vetenale, imatsegulidwa mu Januwale nkutsekedwa mu Seputembala, ndiye ngati mukufuna kulowa osapumira chaka, mukuyenera kutumiza mukangomaliza chaka chachitatu. Mukapita kunja semesita yomaliza ya chaka chimenecho mudzakhala mukuthamangitsa makalata a aphunzitsi pa imelo muli kutali, si zabwino ayi. Pitani koyambirira kwa chaka chachitatu.

Chinanso, makosi ofunika aja musakapangire kunja. Ine ndinapanga biochemistry uko ndikuona ngati ndachenjera, pobwera sukulu ina nkuikana ati silabasi sikufanana, ndinabwereza nthawi ya tchuthi ndi ndalama za m'thumba mwanga, mpaka lero zimandiwawa. Funsani ngati magiredi akewo adzalembedwe pa transcript ya sukulu yanu, apo ayi mudzafunika kuwatumiza ku WES, bungwe lounika magiredi akunja, kuti akawamasulire. Ndipo ku UK ukapeza 70 ndiye kuti wakhoza zedi, musakalire mukaona nambala yake. Ngati muli pa viza ya ophunzira ya F-1 kaonaneni ndi ofesi ya ophunzira ochokera kunja akusainireni I-20, chikalata chimene chimayenda ndi vizayo, musanakwere ndege.

bambo_ake_awiri

Ine ndiona mosiyana pang'ono, mundikhululukire. Nonsenu mukulankhula ngati malo ali kale m'manja. Masukulu amenewa ndi ochepa, anthu ambiri satengedwa ulendo woyamba, ndipo ngati si iwe nzika ya America komanso ulibe green card ngongole ya boma ija nthawi zambiri sakupatsa. Ukakhala chaka ukudikira, chemistry imakupezera ntchito ya mu labu. Scotland sikuthawa mwana wanga. Edinburgh, Glasgow ndi Royal Veterinary College ya ku London ndi masukulu ovomerezeka ndi AVMA, bungwe la madokotala a ziweto ku America, mutha kukapanga udokotala wonsewo konko nkudzalemba mayeso a laisensi ya ku America a NAVLE ngati wina aliyense.

mphakawakuda

Bambo pa nkhani ya kudikira mwanena zoona, koma ntchito ya mu labu munthu wa biology amaipezanso, makamaka ngati wagwirako kafukufuku ndi pulofesa wina. Ndipo kukakhala Edinburgh zaka zonsezo pa fizi ya munthu wakunja ndi nkhani ina, semesita imodzi yosinthana nthawi zambiri umalipira ku sukulu yako yomwe ija. Ngati chemistry akuikonda atenge minor, makosi ake ndi ochepa.

kambuzi22

Eee zikomo kwambiri, za minor sindinaganizeko nkomwe. Ndaona pa pepala langa, kwatsala biochemistry, genetics ndi physics yachiwiri, ndikapanikiza ziwiri semesita ikubwerayi ndiye imodzi ndidzamaliza ndikabwerako. Chikundiopsa ndi maola, panopa ndangothandizako ku malo osungira agalu osowa eni ake ndipo dokotala amabwera Lachisanu lokha. A gologolo_88, masiku amene dokotala kulibe aja amawerengedwa mbali iti pa fomu?