"Mtengo wagwa": wa fodya kapena wa mango?

Mlimi wa ku Chamama:
Anzanga ndithandizeni, mwina ndi kuchepa kwa sukulu. Sabata yatha ndili ku Chinkhoma kudikira kuti mabelo anga alowe, mwana wanga ananditumizira uthenga pa foni: "Ababa, mtengo wagwa." Thupi lonse linangoti zii. Ndinkayesa wamva pa wailesi kuti fodya watsika, pamene ine ngongole ya feteleza ili pakhosi. Nsima ya masana sindinaikhudze. Madzulo pomuimbira, akuti ndi mtengo wa mango uja wa kuseri kwa chigafa, mwera wauzula. Akanayankhula pakamwa sindikanavutika, paja mtengo womera timakweza mawu pa "te", pomwe wa malonda timangoutchula motsitsa. Nanga polemba afananiranji? Amene anakonza kalembedwe kathuka sanazione zimenezi?

Mphunzitsi wopuma, Santhe:
Pepani achimwene ndi nsima inakudutsaniyo. Kalembedwe tikugwiritsa ntchitoka kanakhazikika ndi malamulo a mu 1973, bungwe loona za chiyankhulochi la Chichewa Board litangoyamba ntchito mu 1972, ndipo mulibe zizindikiro zosonyeza kukweza kapena kutsitsa mawu. Ine sindiwadzudzula kwambiri. Nthawi zambiri chiganizo chimadziulula chokha: mukamva kuti khungu likuyabwa, palibe angaganize za khungu la kusaona. Vuto la mwana wanuyo ndi kuumira mawu, ngati kuti kulemba "wa mango" kukanamaliza mayunitsi.

Chimene chimandiwawa ine ndi china. Tinali ndi kachipewa pamwamba pa w, monga mu Malaŵi ndi kudziŵa. A Kamuzu, mwana wa konkuno ku Kasungu, ankakakonda, ndipo agogo athu ena mukawamvetsera bwino liwu limenelo akadali nalo, milomo osaisongola. Lero ana anga enieni salimva n'komwe.

NaPhiri wa pa Kamwendo:
Inu a ku Chamama zanuzo n'zochepa. Ife pa chinkhoswe cha mng'ono wanga tinaona kuti ziwiya zichepa, ndiye ndinalemba pa gulu lathu la WhatsApp kuti aliyense abwere ndi mbale. Ndinalemba bwinobwino, mbale yodyera. Koma poti anthu azolowera kusiya kankhodolero mu m'bale, theka la gululo linamva zina. Azakhali anatulukira ndi achimwene awo awiri ochokera ku Mkanda, mbale ayi. Anthu anachuluka, mbale zomwe zija, nkhuku zinatha akuchimuna asanadye. Mpaka lero ndikalemba mawu amenewa ndimawonjezera "yanga" kapena "wanga" kuti zimveke.

Mnyamata wa kabaza pa Boma:
Kkkk amayi mwandipha. Nanga bala? Lija la pa mwendo timatchula b wake ngati tikumumeza, koma bala yomwera mowa b wake amaphulika. Polemba n'chimodzimodzi. Mnzanga anauza mkazi wake pa foni kuti "ndachedwa chifukwa cha bala", mayi aja n'kuthamanga ndi bandeji.

Mlimi wa ku Chamama:
Zikomo aphunzitsi, mwanayo ndamuuza asamaumire mawu. Fodya ndinagulitsa, ngongole ndabwezako theka. Mtengo uja tikuudula mawa, koma unagwera mbali imodzi ya chigafa, ndiye amene ali pafupi ndi Chamama ndipo ali ndi sowo yabwino andiuze mtengo wake. Ndikunena wobwerekera sowoyo.