Makolo akadandaula kwa ahedi za phunziro la evolution (kusintha kwa mitundu ya zamoyo pakapita nthawi), Lachisanu ndikayankhe bwanji?

A Ngoma, Chipata: Aphunzitsi anzanga a sayansi, ndithandizeni nzeru. Sabata yatha tinali pa mutu wa kusiyana kwa zamoyo ndi ma mutation (kusintha kwa ma gene, malangizo a chibadwa amene mwana amatengera kwa makolo) m'kalasi la Giredi 12. Mnyamata wina anafunsa ngati kusiyana kumeneku n'kumene kumachititsa kuti mtundu wa nyama usinthe pakapita zaka zambiri. Ndinati inde, n'kufotokoza pang'ono za natural selection, kuti zamoyo zoyenerana ndi malo ake ndizo zimapulumuka ndi kuswana kwambiri. M'mawa mwake ana anabwera ndi chithunzi chija chimayenda pa Facebook, cha nyani amene akuweramuka pang'onopang'ono mpaka kukhala munthu. Pofika Lolemba makolo ena anali atafika kale kwa ahedi, akuti ndikuphunzitsa ana kuti agogo awo anali anyani komanso kuti kulibe Mulungu. Zonsezo sizinatuluke pakamwa panga. Ahedi sanandikalipire, koma akuti Lachisanu ndikafotokoze pamaso pa komiti ya PTA. Chimene chikundipweteka kwambiri n'chakuti pa tesiti ya dzulo atsikana atatu, anzeru ndithu, anasiya funso la mutuwu osayankha, ndipo mmodzi analemba kuti chikhulupiriro chake sichimulola. Makolowo ndikawauze chiyani, nanga anawa ndiwabweze bwanji?

A Zulu, Petauke: Achimwene, ntchito ndi yovuta kupeza masiku ano. Kapepeseni, muwauze kuti sizidzachitikanso, ndipo muzingophunzitsa zimene mukuona kuti zimabwera kawirikawiri pa mapepala a ECZ, bungwe loyendetsa mayeso. Ine funso lotere likabwera ndimati tidzakambirana tsiku lina.

Mayi Phiri, Katete: A Zulu, pepani, pamenepo sindikugwirizana nanu. Ena mwa ana amenewa akupita ku unamwino ndi ku ulangizi wa zaulimi. Akafika kumeneko osamvetsa chifukwa chake mankhwala amasiya kugwira ntchito, wowalakwira ndi ife.

A Ngoma, musakapepese pa chimene simunalakwe, koma musakayambenso ndi dzina la Darwin, amene anatchukitsa maganizo a evolution. Kayambeni ndi chloroquine, mankhwala akale aja a malungo. Kholo lililonse lokhala pa komitiyo linamwapo, likukumbukira kuwawa kwake, ena ankachita kuyabwa thupi lonse. Afunseni chifukwa chimene zipatala zinasiyira kupereka. Adzayankha okha kuti inasiya kuchiza. Kenako afunseni kuti chinasintha n'chiyani, piritsi kapena kachilombo?

Piritsi silinasinthe. M'magazi a munthu mmodzi wodwala malungo mumakhala tizilombo mamiliyoni ambirimbiri, ndipo sitifanana ndendende. Tina tinabadwa ndi kusintha pang'ono pa gene imodzi yotchedwa pfcrt, ndipo kusinthako kumatithandiza kukankhira mankhwala kutali ndi pamene amayenera kugwirira ntchito. Chloroquine inkapha tina tonse, timeneti n'kutsala, n'kuswana, udzudzu n'kutipititsa kwa munthu wina. Tizilombo tosamva chloroquine tinayamba kuoneka ku Southeast Asia ndi ku South America kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, tinafika kum'mawa kwa Africa cha m'ma 1978, ndipo kuno kwathu ku Zambia boma linasintha n'kuyamba kupereka Coartem cha m'ma 2003. Anzathu a ku Malawi, kutsidya kwa Mwami, anasiya chloroquine kale mu 1993. Pasanathe zaka 10 ofufuza ku Blantyre anapeza kuti tizilombo tosamva tija tatsala pang'ono kutheratu, chifukwa pamene palibe mankhwalawo timapambanidwa ndi tinzake. Ndiye kusintha kumeneku makolowo anakuona ndi maso awo, uku ndi uku.

Kwa ana anu samalani chinthu chimodzi. Ambiri amaganiza kuti kachilombo kamodzi kanamwa mankhwala pang'onopang'ono mpaka kulimba. Ayi. Kachilombo sikanaphunzire kanthu. Chimene chinasintha ndi kuchuluka kwa tosamva pakati pa gulu lonse, m'badwo ndi m'badwo.

A Tembo, Mfuwe: Ndiwonjezere cha kuno ku chigwa, chifukwa ichi ana amachimva msanga kuposa tizilombo tosaoneka. Ku South Luangwa kuli njovu zazikazi zambiri zopanda minyanga, aliyense amene analowapo m'paki anaziona. Kafukufuku amene anatuluka mu 1995 anasonyeza kuti mu 1969 njovu zazikazi zopanda minyanga zinali pafupifupi 10 pa 100 zilizonse, koma pofika 1989 zinali pafupifupi 38. Zaka zimenezo n'zimene opha njovu mozemba anavuta kwambiri m'chigwa muno. Iwo ankafuna minyanga, choncho yopanda minyanga ankaisiya, iyo n'kubereka, ana ake aakazi ena n'kutengera. Ku Gorongosa ku Mozambique zinachitikanso chimodzimodzi pa nthawi ya nkhondo ya 1977 mpaka 1992, mpaka theka la njovu zazikazi zimene zinapulumuka linali lopanda minyanga. Ofufuza a kumeneko mu 2021 anapeza kuti khalidweli limayendera pa X chromosome, imene mwana wamwamuna amalandira kwa mayi ake okha, ndipo mwana wamwamuna amene walitengera nthawi zambiri safika pobadwa. Ine chitsanzo chimenechi ndimachigwiritsanso ntchito pa sex linkage, mutu wa makhalidwe oyendera pa chromosome imeneyi, choncho palibe angakunenereni kuti mwatuluka m'silabasi. Ndili ndi zithunzi zimene ndinajambula ndekha, ndikutumizirani.

Mayi Mbewe, Chadiza: Zonsezi n'zoona, koma ndikuchenjezeni a Ngoma. Ine ndimakhala pakati pa amayi a chigwirizano sabata iliyonse, ndikudziwa yankho limene mukalandire. Adzati kachilombo kakadali kachilombo, njovu ikadali njovu, ife tikufunsa za munthu. Mukazemba pamenepo adzaona kuti mukubisa kanthu, ndipo nkhani idzakula.

Chinanso, musakawaone ngati anthu osadziwa. Agogo athu ankatchedwa anyani m'mapulazi ndi m'migodi ya atsamunda. Mpaka lero osewera mpira akuda amaimbiridwa kulira kwa nyani m'mabwalo a ku Ulaya. Kholo likamva kuti mwana wake wauzidwa zimenezi kusukulu, ndi mphunzitsi wakuda mnzake, chimene chimawawa ndi chipongwe chimenecho, za sayansi zimabwera pambuyo. Ine ndimakhulupirira kuti Mulungu ndiye analenga munthu, ndipo mutu umenewu ndimauphunzitsa chaka ndi chaka mtima wanga uli m'malo. Koma ndimayamba ndi kuchotsa chipongwecho.

A Banda, Sinda: Ine ndine wa History, koma mundilole ndilowererepo, chifukwa funso lomweli limandipeza nthawi zonse tikafika pa anthu akale. Mayi Mbewe anena zoona, ndipo tivomereze kuti m'nthawi ya atsamunda azungu ena anapotoza maganizo a Darwin pofuna kunena kuti mitundu ina ya anthu ili pamwamba pa ina. Kukayikira kwa makolo kuli ndi pochokera.

Chithunzi cha pa Facebook chija mukachitenge, mukachionetse, munene poyera kuti n'cholakwika ndipo simuphunzitsa zimenezo. Palibe wasayansi amene amati nyani wa ku Luangwa kapena chimpanzi wa kumalo osungira achimpanzi a Chimfunshi anasanduka munthu. Chimene amanena n'chakuti anthu ndi achimpanzi anachokera ku kholo limodzi lakale kwambiri, zaka pafupifupi 6 kapena 7 miliyoni zapitazo, ndipo kholo limenelo silinali chimpanzi wa lero. Mzere wa anyani unapatuka kale kwambiri kuposa pamenepo. Msuweni wako si agogo ako. Ana akamva choncho, funso lija lakuti nanga bwanji anyani a lero sakusanduka anthu limatha lokha.

Ndiye muwauze za Kabwe. Mu 1921 ogwira ntchito mu mgodi wa Broken Hill (dzina lakale la Kabwe) anafukula chigaza cha munthu wakale, cha mphumi yotsetsereka ndi mafupa ochindikala pamwamba pa maso, chosiyana ndi cha munthu aliyense wa lero. Mu 2020 akatswiri anayezanso n'kupeza kuti chili ndi zaka pafupifupi 300,000. Chili ku Natural History Museum ku London, ndipo boma lathu lakhala likupempha kuti chibwerere. Fupa limenelo si nthano ya azungu, linatuluka m'nthaka yathu yomwe. Ndipo umboni wa mafupa ndi wa DNA ukugwirizana kuti anthu onse a lero, azungu, Amwenye, Matchaina, mizu yawo ili mu Africa muno. Phunziro limeneli likaphunzitsidwa bwino limagwetsa chipongwe chija.

A Zulu, Petauke: Chabwino, koma kholo likaimirira n'kufunsa kuti nanga Genesis mukuiika pati, muyankha chiyani? Dziko lino linalengezedwa kuti ndi lachikhristu mu 1991, ahedi sangakuikireni kumbuyo pa nkhani imeneyo.

Mayi Phiri, Katete: Ayankha kuti m'labu mulibe chipangizo choyezera ngati Mulungu aliko kapena kulibe, ndipo phunziro la Biology silinena chilichonse pa zimenezo. Limafotokoza mmene zamoyo zimasinthira ndi umboni wake, basi. Atha kutchulanso kuti Gregor Mendel, amene ana onse amaloweza za nsawawa zake pa genetics, anali wansembe wa Katolika, ndiponso kuti Papa John Paul II mu 1996 anavomereza poyera kuti umboni wa evolution ndi wolimba, uku akugwiritsitsa kuti mzimu wa munthu umachokera kwa Mulungu.

Pa zakuti njovu ikadali njovu, yankho ndi nthawi. Zaka 20 zokha zinasintha njovu za ku Luangwa mmene a Tembo anenera. M'nyanja ya Malawi muli mitundu yoposa 500 ya nsomba za m'banja limodzi, mbuna, utaka, ncheni ndi zina, zosiyana pakamwa, mano ndi chakudya, zosapezeka kwina kulikonse, ndipo DNA yake imasonyeza kuti zinachokera ku makolo amodzi. Chimanga chimene tikudyachi chinachokera ku udzu wa ku Mexico wotchedwa teosinte, wa kangala kakang'ono ka njere zochepa zolimba, umene alimi anayamba kusankha mbewu zake zaka pafupifupi 9,000 zapitazo. Mlimi aliyense wosunga mbewu ya chimanga chamakolo amadziwa kusankha ngala zabwino.

Mayi Mbewe, Chadiza: Za Papa mutchule pokhapokha ngati wofunsayo ndi wa Katolika. Mipingo ina imawerenga Genesis mosiyana, ndipo kholo la mpingo wina likamva dzina la Papa lidzaona ngati mukulikokera ku chipembedzo china. Si ntchito yanu kugamula pakati pa mipingo. Pemphani ahedi kuti mphunzitsi wa RE, phunziro la za chipembedzo, akakhalepo, funso la Genesis likafika mumupatse iyeyo.

Za atsikana aja, musawatchule m'kalasi. Aitaneni padera pamodzi ndi mphunzitsi wamkazi, muwauze kuti pepala la mayeso silifunsa chimene amakhulupirira. Ine mafunso anga ndimawalemba kuti mwana afotokoze mmene asayansi amafotokozera chinthucho ndi umboni umene amapereka. Mwana wa chikhulupiriro chilichonse angayankhe zimenezo osadzimva kuti wakana Mulungu wake. Apatseni mpata alembenso.

A Tembo, Mfuwe: Kalasi lonse mulichititse za nyemba. Tengani nyemba zofiira 50 ndi njere za chimanga choyera 50, mumwaze pa dothi lofiira kuseri kwa kalasi. Ana anayi akhale nkhuku, azitola imodziimodzi kwa kanthawi kochepa. Zotsala muwerenge, iliyonse muiwonjezere inzake ya mtundu womwewo ngati yabereka, mumwazenso. Mukabwereza katatu, alembe manambala pa bolodi n'kujambula girafu. Adzaona okha kuti zofiira zachuluka popanda nyemba ngakhale imodzi yosintha mtundu.

Mayi Phiri, Katete: Chitsanzo cha sickle cell (matenda a magazi otengera kwa makolo) ndi malungo n'chabwino kwambiri, koma pa PTA musachitchule, ndipo m'kalasi muziyamba mwadziwa ngati mulibe mwana wodwala matendawa kapena amene anataya m'bale wake.

A Ngoma, Chipata: Zikomo kwambiri nonse, ndabwerako. Ndinayamba ndi chithunzi chija monga ananenera a Banda, ndipo nditangoti n'cholakwika anthu anakhala pansi bwino. Pa chloroquine bambo wina wachikulire ndiye anachita kundithandiza kufotokoza, akuti mwana wawo anatsala pang'ono kumwalira zaka zimenezo atamwa mankhwala onse osachira. Za njovu anafunsa mafunso ambiri, zithunzi za a Tembo zinayenda m'manja mwa aliyense. Funso la Genesis linabweradi, mphunzitsi wa RE analiyankha mwaulemu. Bambo mmodzi sanakhutire, akuti za Kabwe ndi za zaka mamiliyoni sazivomereza ndipo adzamuuza mwana wake choncho kunyumba. Ndinati umenewo ndi ufulu wawo, ine ndikungopempha kuti mwanayo azikhala m'kalasi ndi kulemba mayeso, ndipo anavomera. Ahedi agamula kuti mutuwu upitirire, koma chaka chamawa tizidziwitsa komiti tisanauyambe.

Atsikana awiri alembanso funso lija ndipo akhoza bwino. Wachitatu wapempha kuti ayambe wakambirana ndi amayi ake, ndamupatsa mpaka Lachitatu.

A Tembo, za nyemba tayesa masana ano, koma chimanga chinatoledwa chonse ulendo woyamba womwe, panalibe choti chibereke. Inu mumawapatsa masekondi angati, ndipo malo ake mumayeza kukula bwanji?

A Tembo, Mfuwe: Masekondi 10 okha, dzanja limodzi, ndipo njere iliyonse aziika m'kapu asanatole ina. Malo akhale mamita 3 mbali zonse, posasesedwa, kuti pakhale timiyala ndi tiudzu. Chikathabe msanga, chepetsani nkhuku zikhale ziwiri.