Kalulu wa pa mpopi: ndigule kapena ndisiye?

Nabanda (Chilenje): Abale, ndithandizeni nzeru. Loweruka ndinakaona zojambula pa galare ya ku Showgrounds kuno ku Lusaka, ndiye pali chithunzi china chikukana kundichoka m'mutu. Ndi nthano ija ya Kalulu wokana kukumba chitsime, koma wojambula waisamutsira mu komboni. Chitsime chasanduka mpopi, zigubu zachikasu zili pamzere, Fisi wamangidwa miyendo uchi uli kukamwa, Kalulu wavala jekete akudzitungira madzi. Pakona pali Kamba, msana uli ulimbo wokhawokha, wangoti phee kudikira. Akuti K4,500.

aPhiri (Matero): K4,500 kugula Kalulu? Achemwali, nthano imeneyo agogo ku Katete ankatiuza ulere, ife tingoyankha "tili tonse". Pitani ku Kabwata Cultural Village, mukatengako njovu ndi dzuwa lolowa, chenji n'kugulira unga.

Make Dalitso (Kaunda Square): Njovu zija zimafanana ngati mapasa, aPhiri. Ichi n'chimodzi chokha. Ine chandigwira ndi zigubuzo. Aliyense amene anadzukira 4 koloko kukaima pamzere chilala cha 2024 akumudziwa Kalulu wolowerera kutsogolo. Kwathu alipo, dzina ndasunga.

aTembo (Libala): Musanalipire chitembenuzeni. Onani ngati ndi kanivasi yeniyeni yokokedwa pathabwa, ndiponso ngati wasaina ndi kulemba chaka. Chipendeketseni poyera: cha burashi utoto umaoneka mizeremizere yotukuka, chosindikiza pamakina chimakhala see. Ine ndinapsa nacho china pamsika wina, ndinachipachika moyang'ana windo, chaka chisanathe mkango unatuwa ngati mbuzi.

aPhiri: Mwamva? Mkango kusanduka mbuzi!

aTembo: Chija chinali chapepala, achimwene. Cha utoto wa akiliriki sichitero msanga, bola asachiike padzuwa kapena pakhoma lachinyontho. Komanso galare ija ya ku Showgrounds yatchedwa dzina la Henry Tayali, wojambula amene anamwalira mu 1987. Amene anagula zake iye ali moyo, lero ndani angawaseke?

Nabanda: Ndinachitembenuza kale, wasaina. Koma chimene chikundivuta n'china. Mwana wanga anafunsa kuti, "Amama, kamba uyu wathiridwa chiyani?" Ulimbo sakuudziwa, nthanoyo sanaimvepo. Ndinamuyambira tili mu minibasi, tinafika pa siteshoni Fisi asanamasulidwe.

Make Dalitso: Basi afunseni ogulitsawo ngati angalole kuti mulipire m'magawo awiri.

aPhiri: Mukagula mundiitane ndidzamalize nthanoyo. Nyimbo ya pachitsime ija inu simuitha.