Kodi "mapanga awiri avumbwitsa" tanthauzo lake ndi chani kwenikweni?

Wofunsa:
Akuluakulu ndithandizeni. Dzulo timacheza ndi agogo anga nkhani ya makandideti amene chipani chawo chikadedwa amayamba kuchibisa, positala nkhope yayikulu koma chizindikiro cha chipani kakang'ono pakona ngati kachidindo, mitundu ya chipani osavalanso, pamsonkhano dzina la mtsogoleri wawo osalitchula ngakhale kamodzi. Agogo anangoseka nkuti "mapanga awiri avumbwitsa" basi nkukagona. Ine mapanga ndimadziwa ndi zikwanje, nde zikwanje ziwiri zikukhudzana bwanji ndi chisankho? Komanso avumbwitsa ndi mawu anji amenewa

Mphunzitsi wopuma:
Mwanawe zikwanje zisiye kaye kkkk. Apa mapanga ndi kuchulukitsa kwa phanga, lija la m'phiri lobisalamo mvula. Timati mvula ikuvumba, munthu amene yamugwera wavumbwa, nde chimene chamuchititsa kuti anyowe chamuvumbwitsa. Chithunzi chake nchakuti mvula yakupeza kuthengo, pali mapanga awiri, walowa ili koma mtima ukuti lija ndiye labwino, wathamangira uko wapeza likudontha, wabwereranso, pomwe mvula ikukata iwe uli chinyowere kuposa mnzako amene anangokhala m'phanga limodzi lodonthalo.

Wofunsa:
Ooo nde ndinasokera kutali. Ndiye agogo amatanthauza kuti munthu asachoke m'chipani?

Mphunzitsi wopuma:
Ayi sizimenezo. Wotuluka nkukaima payekha wasankha phanga lake, ameneyo mwambiwu sukumunena. Ukunena uyu amene mapulaimale anapambanira m'chipani, ndalama za kampeni ndi mamonita akudalira chipani, koma pagulu akuzikana. Vuto lake pa balloti dzina la chipani limakhalapobe pambali pa dzina lake, sungalifufute ndi malovu.

Wokonda nkhani zakunja:
Chitsanzo chake ndi Alison Grimes ku America mu 2014. Amapikisana ndi Mitch McConnell pa mpando wa Senate ku Kentucky, mayiyu wa Democrat, chipani cha Obama, nthawi imeneyo Obama kumeneko samafunidwa olo pang'ono. Atolankhani anamufunsa funso losavuta, kodi munavotera Obama? Mayiyu anazungulirazungulira osayankha, kenaka nkumati voti ndi yachinsinsi, chonsecho aliyense akudziwa chipani chake. Odana ndi Obama sanamukhulupilire, okonda Obama nawo zinawanyansa, mapeto ake anagonja ndi mavoti ambiri ndithu. Kuvumbwa kumeneko.

Winanso Andy Street pa mpando wa meya ku West Midlands ku England mu May 2024, wa Conservative koma mapepala ake a kampeni buluu wa chipani munalibe, anaika gilini ndi pepo. Anagwabe, ngakhale mpata wake unali mavoti 1,508 okha.

Wotsutsa:
Koma achimwene chitsanzo chachiwiricho chikukutsutsani nokha. Chipani chake miyezi iwiri yotsatira chinamenyedwa koopsa mpaka kutsala ndi mipando 121 mu nyumba ya malamulo, iye kuluza ndi 1,508 basi, si umboni woti kubisako kunamuthandiza? Nanga Joe Manchin mu 2010 pa mpando wa Senate ku West Virginia, wa Democrat, anajambulitsa advert akuwombera ndi mfuti bilu ya zanyengo imene chipani chake chomwe chimaifuna, ndipo anapambana. Miyambi tisamaitenge ngati masamu. Ine ndikanati mwambi woyenera apa ndi uja wakuti nsomba ikaola imodzi zonse zaola, kandideti akuthawa fungo la anzake, walakwa chani

Mphunzitsi wopuma:
Mwafunsa bwino bambo, koma taonani Manchin uja anali kale gavanala wa dera lomwelo kuyambira 2005, anthu amamudziwa payekha ndipo kusiyana maganizo ndi akuluakulu a chipani sanakuyambe sabata ya kampeni. Ine ndingati phanga lake anali nalo kale, samathamanga pamvula. Amene amavumbwa ndi uja zaka zonse amaombera m'manja chilichonse, bilu iliyonse kuvomera, lero chisankho chayandikira akuti "ine ndimaimira anthu osati chipani." Anthu mavidiyo akale ali nawo m'mafoni, amangowatulutsa.

Za nsombazo ndikuvomera, zikufotokoza chifukwa chimene amathawira. Wa mapanga ukufotokoza zimene zimamuchitikira panjira.

Wotsutsa:
Hmm pa Manchin mwandigwira pang'ono, koma Street ndikukanabe, ameneyo ananyowa mapewa okha.

Wofunsa:
Zikomo nonse, ndawawerengera agogo zonsezi, akuti aphunzitsi akhoza koma a nsomba aja abwere adzakambirane pamaso. Afunsanso kuti Manchin yo mfutiyo inali yakeyake kapena yobwereka.