Kutsitsa torrent pa tabuleti pogwiritsa ntchito terminal: chida chabwino ndi chiti?

Nyenyezi88 analemba:

Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumadziwa bwino Linux. Ndili ndi tabuleti ya Android, ndipo ndikufuna kutsitsa fayilo ya ISO (fayilo yoikira sisitemu pa kompyuta) ya Debian, mtundu wina wa Linux, kudzera pa torrent, njira yotsitsira fayilo m'zidutswa kuchokera kwa anthu ena amene ali nayo, chifukwa intaneti ikaduka pakati pa kudawuniloda pa browser, nthawi zambiri ndimayenera kuyambiranso poyamba. Mapulogalamu a torrent okhala ndi mabatani ndawaona, koma ambiri amadzaza sikirini ndi malonda, komanso ndikufuna kuzolowera kulemba malamulo pa terminal. Termux, pulogalamu imene imapereka terminal ya Linux pa Android, ndaika kale. Kodi ndi chida chiti chimene chingagwire ntchitoyi bwino, ndipo ndichite chiyani kuti fayilo ikatha kutsika ndiipeze mu foda ya Download monga mafayilo ena onse?

Gologolo analemba:

A Nyenyezi, ine ndikulangizani aria2, chifukwa ndi yopepuka ndipo imalandira fayilo ya .torrent ndi magnet link (link yoimira torrent popanda fayilo ya .torrent) mofanana. Musanayambe, onetsetsani kuti Termux yanu munaitenga ku F-Droid (sitolo ya mapulogalamu aulere a Android) kapena pa webusaiti ya GitHub, popeza ija yakale ya pa Play Store inasiya kukonzedwa mu 2020 ndipo imavuta poika mapulogalamu atsopano. Kenako lembani malamulo awa motsatizana:

pkg update
pkg install aria2
termux-setup-storage

Lamulo lachitatulo ndi limene likuyankha funso lanu la foda. Android idzakufunsani ngati mukulola Termux kufika pa mafayilo anu, ndipo mukalola, mudzakhala ndi ~/storage/downloads, yomwe ndi foda yomweyo ya Download imene mumaiona mu pulogalamu yoonera mafayilo. Popanda zimenezi, zonse zimene mwatsitsa zimakhala m'kati mwa Termux, kumene mapulogalamu ena sangazifikire, ndipo tsiku limene mudzachotse Termux zidzapita nayo limodzi.

Potsitsa, lembani motere:

aria2c -d ~/storage/downloads --file-allocation=none "magnet:?xt=urn:btih:..."

Zizindikiro za " kumayambiriro ndi kumapeto kwa link musazisiye. Magnet link imakhala ndi chizindikiro cha & kangapo, ndipo shell (pulogalamu yowerenga malamulo pa terminal) ikachiona popanda zizindikirozo imadula lamulo lanu pomwepo, n'kutaya ma tracker (ma seva othandiza kupeza anthu amene ali ndi fayiloyo) onse amene analembedwa kutsogolo kwake. Gawo la --file-allocation=none limaletsa aria2 kusungiratu malo a fayilo yonse isanayambe kutsitsa, zomwe pa tabuleti zimatha kutenga nthawi yaitali mpaka munthu kuganiza kuti yaima. Mukafuna kuimitsa, dinani CTRL pa mzere wa mabatani umene uli pamwamba pa kiyibodi kenako C, kapena gwirani batani lotsitsira voliyumu limodzi ndi C. Pambali pa fayilo yanu mudzaona kafayilo kena kothera ndi .aria2, musakafufute, chifukwa ndi komwe kamakumbukira zidutswa zimene zatsika kale, ndipo mukalembanso lamulo lomwelo ntchito imapitirira pamene inalekezera.

Nkhwazi analemba:

Zimene a Gologolo afotokoza ndi zoona, koma pa tabuleti vuto lalikulu silikhala kusankha chida, limakhala Android yeniyeniyo. Sikirini ikazima, Android imagoneka mapulogalamu kuti isunge batire, choncho musanayambe kutsitsa lembani termux-wake-lock, ndipo m'makonzedwe a batire muchotse Termux pa mndandanda wa mapulogalamu amene amachepetsedwa mphamvu. Kuyambira pa Android 12 palinso njira ina imene imapha ntchito zoyambitsidwa ndi mapulogalamu zikapitirira 32 pa tabuleti yonse, kapena zikamadya mphamvu yambiri ya purosesa zili kumbuyo. Mukadzaona mawu akuti "Process completed (signal 9)" pa sikirini, dziwani kuti si aria2 imene yalephera. Pa Android 14 kupita m'tsogolo, mu Developer options muli posankha pakuti "Disable child process restrictions", pamene pa 12 ndi 13 pamafunika kugwiritsa ntchito adb, chida chotumizira malamulo ku Android.

Kwa munthu amene amatsitsa kawirikawiri, ine ndimakonda Transmission kuposa aria2. Mumaika ndi pkg install transmission, mumayambitsa transmission-daemon, mumawonjezera torrent ndi transmission-remote -a, ndipo transmission-remote -l imakuonetsani mmene chilichonse chikuyendera. Mukatsegula browser pa 127.0.0.1:9091 mumaonanso zonsezo pa tsamba. Koma ngati cholinga ndi fayilo imodzi yokha, aria2 ndi yokwanira.

Nyenyezi88 analemba:

Zikomo kwambiri nonse awiri, aria2 yayamba kugwira ntchito. Ndatsala ndi mafunso awiri. Malo a m'kati mwa tabuleti ndi ochepa, kodi ndingatsitsire mwachindunji pa memori khadi? Chachiwiri, ndaona kuti fayilo ikafika pa 100% pulogalamu siituluka, imalemba SEED n'kumapitiriza kudya data.

Gologolo analemba:

Chimene mukuonacho ndi mmene torrent inapangidwira kuyambira pamene Bram Cohen anatulutsa BitTorrent mu 2001: aliyense wotsitsa amatumizanso zidutswa kwa anzake. Mukapanda kuiuza china, aria2 imapitiriza kutumiza mpaka itapereka data yofanana ndi kukula kwa fayilo imene mwatsitsa. Ngati data yanu ndi yowerengeka, onjezerani --seed-time=0 ndipo idzatuluka ikangomaliza, pomwe --max-upload-limit=50K imachepetsa zimene mukutumiza pamene kutsitsa kukadali m'kati. Mukakhala pa Wi-Fi yopanda malire, ndi bwino kuisiya itumize kwa kanthawi, chifukwa liwiro limene mwasangalala nalo linachokera kwa ena amene anachita chimodzimodzi. Kumbukiraninso kuti aliyense amene ali pa torrent yomweyo amaona adiresi yanu ya IP. Pa Debian, Ubuntu kapena zinthu zaulere za ku Internet Archive palibe chodetsa nkhawa, koma pa mafilimu ndi nyimbo zimene eni ake sanaloleze, mumakhala mukugawa poyera zinthu zotetezedwa ndi lamulo.

Za memori khadi, Android imalola Termux kulemba mu foda yake yokha, imene imaoneka ngati ~/storage/external-1, ndipo nayonso imafufutika mukachotsa Termux. Onaninso mtundu wa khadilo: ngati ndi FAT32, silingasunge fayilo imodzi yoposa 4 GB, ndipo ISO ya Ubuntu ya masiku ano imaposa pamenepo, choncho pamafunika exFAT. Fayilo ikatha kutsika, kuti mutsimikize kuti sinaonongeke, lembani sha256sum ndi dzina lake, kenako yerekezerani zotsatira ndi fayilo ya SHA256SUMS imene Debian imaika mu foda yomweyo imene munatengamo torrent.